Zojambula zoyambirira za Pink Floyd ya Syd Barrett: ndiyambire pati, ndipo bwanji nyimbo imodzi ikumveka mitundu itatu?

Mnyamata_wa_Tepi

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikufuna kumvetsa zimene Pink Floyd inajambula isanatchuke, pa nthawi imene Syd Barrett ankatsogolera gululi m'makalabu a usiku ku London. Zondizunguza mutu zilipo zitatu.

Choyamba, nyimbo ya "Interstellar Overdrive" ndaipeza mitundu ingapo: ina yosakwana mphindi 10, ina ya mphindi 15, ina yoyandikira 17. Yeniyeni ndi iti?

Chachiwiri, aliyense akungoti chimbale cha The Piper at the Gates of Dawn ndichimvere cha mono (mawu onse m'njira imodzi), osati cha stereo (mawu ogawidwa kumanzere ndi kumanja). Komatu ampulifaya ili ndi batani lolembedwa mono. Kodi kudina batanilo poimba chimbale cha stereo si chimodzimodzi?

Chachitatu, "Arnold Layne" ndi "See Emily Play" pa zimbale zina zosonkhanitsa nyimbo zikumveka ngati oimbawo ali mu mgolo, makamaka pa mahedifoni. Vuto ndi makina kapena chimbale?

Gogo_Singano

Achimwene, funso loyambalo yankho lake ndi lakuti zonse zitatu ndi zenizeni. Ndi maulendo atatu osiyana, m'masitudiyo atatu osiyana, mkati mwa miyezi yochepa chabe. Mukaziika m'ndondomeko ya nthawi, chisokonezo chimatha chokha.

Zakale kwambiri ndi nyimbo zisanu ndi imodzi zimene anajambula cha m'nyengo ya Khirisimasi ya 1964 kulowa 1965, Bob Klose adakali m'gululo ngati woimba gitala. Muli "Lucy Leave", "Double O Bo", "Remember Me", "Butterfly", "Walk with Me Sydney" ndi "I'm a King Bee" ya Slim Harpo. Musayembekezere za psychedelic, nyimbo zomveka ngati maloto zimene anadzatchuka nazo, m'menemu. Ndi anyamata apasukulu akuimba rhythm and blues monga ankachitira anzawo ambiri ku London. Nyimbozi zinatuluka mu Novembala 2015 pa tizimbale tiwiri ta mainchesi 7, makope 1,050 okha. Chifukwa chake chinali lamulo la ku Europe: zojambula zimene sizinatulutsidwe pomatha zaka 50 umwini wake umatha, koma zikatulutsidwa umafika zaka 70. Musavutike kusaka tizimbaleto, nyimbo zonse zili mu The Early Years 1965–1972 ya 2016, m'gawo lotchedwa Cambridge St/ation, lomwe linadzatulukanso palokha mu 2017.

Tsopano "Interstellar Overdrive".

Ya mphindi pafupifupi 15 anaijambula kumapeto kwa 1966 mu situdiyo yaing'ono ya Thompson Private Recording ku Hemel Hempstead. Anthony Stern anaiika mu kafilimu kake kotchedwa San Francisco. Inatuluka movomerezeka mu 2017 pa chimbale cha mainchesi 12 chokhala ndi nyimbo mbali imodzi yokha. Mawu ake ndi okakala, ng'oma zili kutali, koma liwiro lake ndi loopsa.

Ya mphindi pafupifupi 17 ndi ya pa 11 ndi 12 Januwale 1967 ku Sound Techniques, situdiyo ya mu Old Church Street ku Chelsea. Wolipira anali Peter Whitehead, yemwe ankafuna nyimbo ya filimu yake ya Tonite Let's All Make Love in London. Joe Boyd ndiye ankatsogolera, John Wood ali pa makina. Nthawi itatsalako anangoyamba kuimba zam'mutu, n'kutuluka "Nick's Boogie" ya mphindi pafupifupi 12. Ziwirizi zili pa chimbale cha London '66–'67. Kwa ine apa ndi pamene muyenera kuyambira. Kalabu ya UFO, ya mu Tottenham Court Road, inali itangotsegulidwa pa 23 Disembala 1966, ndipo Boyd yemweyo anali mmodzi wa eni ake pamodzi ndi John Hopkins. Ndiye zimene mukumva pa tepi ya Januwaleyi ndi gulu lomwe milungu yomweyo linkaimba ku UFO, likuimba monse onse pamodzi, popanda wowauza kuti afupikitse.

Ya mphindi 9 ndi masekondi pafupifupi 40 ndi ya pa Piper, yojambulidwa ku Abbey Road, situdiyo ya kampani ya EMI ku London. Imeneyi ndi yosanjikiza: gulu linaimba kamodzi, kenako linaimbanso pamwamba pa zomwe linajambula kale. N'chifukwa chake pakati pa nyimboyo mumamva ngati magulu awiri akulimbana, ng'oma zikuwombana. Si vuto la chimbale ayi.

Pakati pa ziwiri zomalizazi pali tsiku limene linasintha zonse. Pa 29 Januwale 1967 anabwereranso ku Sound Techniques ndi Boyd n'kujambula "Arnold Layne" ndi "Candy and a Currant Bun". Yachiwiriyi poyamba inkatchedwa "Let's Roll Another One", koma dzinalo ndi mawu ena anazisintha chifukwa zinkanena za chamba poyera. Tepi imeneyi ndi imene inawapezera mgwirizano ndi kampani ya zimbale ya EMI, yomwe inawapatsiratu mapaundi 5,000. Kachimbale kanatuluka pa 10 Malichi 1967 pa Columbia, dzina limene EMI inkatulutsira zimbale zina, nambala DB 8156, n'kufika pa nambala 20 ngakhale wailesi ya Radio London inakana kukaimba. Koma EMI inkafuna kuti ntchito azigwira anthu ake, choncho Boyd anatsala panja, Norman Smith n'kulowa. Smith anali injiniya wa The Beatles mpaka pa chimbale chawo cha Rubber Soul, munthu wokonda nyimbo zaudongo za mphindi zitatu. Mukamvera tepi ya pa 11 Januwale kenako n'kumvera Piper, kusiyana kumene mukumvako ndi dzanja la Smith. Ena amamunena kuti anawaweta mopitirira. Ine ndimaona kuti popanda iye nyimbo zifupizifupi za Barrett sizikanamveka bwino chonchija, koma ukali wa ku UFO unatsala pakhomo.

Mayi_Abbey

Zimene afotokoza agogowa n'zoona. Ine ndiyankhe za mono ndi za mgolo uja, chifukwa ndi nkhani imodzi.

Batani la mono silingakupatseni Piper ya mono. Ku Abbey Road mu 1967 ankajambulira pa makina a Studer J37, a matiraki anayi (mizere inayi yojambulirapo mawu padera) pa tepi yotambalala inchi imodzi. Matiraki anayi akadzaza, ankawasakaniza n'kuwatsitsira pa tiraki imodzi kapena awiri a tepi ina kuti apeze malo owonjezerapo mawu. Akamaliza zonse, ankakhala pansi kusakaniza kawiri: ulendo wina wa mono, ulendo wina wa stereo, pamanja, aliyense ndi ziganizo zake za chimene chikwere ndi chimene chitsike. Ogula ambiri nthawi imeneyo anali ndi magalamafoni a sipika imodzi, ndiye nthawi yambiri inathera pa mono, stereo n'kudzapangidwa mofulumira kumapeto.

Zotsatira zake, pali mawu amene ali mu mono koma mu stereo mulibe. Mvetserani chiyambi cha "Interstellar Overdrive": mu mono muli ogani yowonjezera imene imadzaza nyimboyo, pomwe mu stereo malowo ndi opanda kanthu. Kumapeto kwa nyimbo yomweyo, stereo imathamangitsa mawu kumanzere ndi kumanja mpaka chizungulire, chinthu chimene mu mono sichingatheke. Batani silingabweze ogani imene kulibe.

Palinso vuto lina la batanilo. Mukaphatikiza mbali ziwiri za stereo kukhala imodzi, chilichonse chimene chinali pakati chimakwera ndi madesibelo (muyeso wa kukwera kwa phokoso) pafupifupi 3 poyerekeza ndi zimene zinali m'mbali. Ndiye mawu a woimba ndi besi zimadumphira kutsogolo, gitala kapena ogani imene inaikidwa mbali imodzi n'kumira. Chimene mwapeza si mono ya 1967, komanso si stereo ya 1967.

Kuti mudziwe chimbale chimene muli nacho, onani izi. Cha ku Britain chinatuluka mu Ogasiti 1967 pa Columbia: mono ndi SX 6157, stereo ndi SCX 6157. Chikuto chikhoza kusinthanitsidwa, ndiye musachikhulupirire chokha. Yang'anani zilembo zodindidwa pa malo osalala apakati pa nyimbo yomaliza ndi pepala lapakati: zoyamba ndi XAX ndi mono, zoyamba ndi YAX ndi stereo. Zoyambirira zili ndi pepala lakuda lokhala ndi dzina la Columbia la buluu. Cha ku America, cha kampani ya Tower, ndi chimbale china ndithu: anachotsamo "Astronomy Domine", "Flaming" ndi "Bike", n'kuikamo "See Emily Play". Chenjeraninso ndi A Nice Pair ya 1973 ya ku America, imene m'malo mwa "Astronomy Domine" ya ku situdiyo inaikamo ija ya pa siteji ya mu chimbale cha Ummagumma, mmene Barrett mulibe n'komwe. Njira yachidule ndi CD ya 2007 yokumbukira zaka 40. Ya ma CD atatu ili ndi mono, stereo, ndi nyimbo za pa tizimbale ta 1967. Mono inatulukanso pa chimbale cha vinyl mu 2018.

Batani lija ntchito yake yeniyeni ndi iyi: muzilidina poimba chimbale chimene ndi cha mono kale. Pa mono, nyimbo ili m'kugwedezeka kwa singano kopita m'mbali basi. Kukwera ndi kutsika kwa singano kumangonyamula fumbi, zikande ndi kupindika kwa chimbale. Mukaphatikiza mbali ziwiri, phokoso lambiri la mtundu umenewo limafafanizika, nyimbo n'kutsala mmene ilili.

Za mgolo tsopano. "Arnold Layne" ndi "See Emily Play" zinasakanizidwa mu mono mokha. Pofika zaka za m'ma 1970 makampani sankafunanso kugulitsa mono, ndiye pa zimbale zosonkhanitsa monga Relics yoyamba ya 1971 anapanga stereo yabodza. Amatenga mono ija n'kuigawa pawiri, mbali ina n'kuichotsa mawu okwera, ina n'kuichotsa mabesi, nthawi zina n'kuchedwetsa mbali imodzi ndi kachigawo kakang'ono ka sekondi. Pa masipika otalikirana khutu limanyengeka pang'ono. Pa mahedifoni palibe pobisala: khutu lina likumva kugunda, lina likumva kuswa, pakati pali dzenje.

Mukhoza kutsimikiza nokha ndi Audacity, pulogalamu yaulere. Tsegulani nyimboyo, sankhani Split Stereo to Mono, pa tiraki imodzi ikani Invert, kenako imbani onse awiri pamodzi. Ikakhala mono yeniyeni, pafupifupi zonse zimazima, kungotsala kaphokoso ka siii. Ikakhala stereo yeniyeni, woimba wapakati amasowa koma zida za m'mbali zimatsala zomveka bwino. Ikakhala yabodza, nyimbo yonse imatsala, zida zonse zilipo, koma yopyapyala ngati ikudutsa mu paipi. Yabodzayo musayese kuikonza poiphatikiza kukhala mono. Ngati mbali imodzi inachedwetsedwa, kuphatikiza kumafafaniza mawu ena modumphadumpha, mgolo uja n'kukula. Pezani ya mono basi. Relics ya pa CD inabwezeretsa nyimbo ziwirizi ku mono.

Mnyamata_wa_Tepi

Zikomo kwambiri agogo ndi amayi. Mayeso a Invert aja asonyezadi kuti ndi stereo yabodza. Ndiwonjezere kawiri. Matepi a pa siteji a 1967, monga ya ku Copenhagen, ena akumveka othamanga, mawu a Barrett ngati a mwana. Zimakonzeka? Komanso phokoso lija la gitala lobwerezabwereza ngati madontho a madzi m'phanga, ankalipanga ndi chiyani?

Ekoreki_67

Zimakonzeka achimwene, koma muyambe mwadziwa chimene chinalakwika. Tepi ya ku Star Club ku Copenhagen, ya pa 13 Sepitembala 1967, sinatulukepo movomerezeka. Yayenda m'manja mwa anthu zaka zambiri, kaseti kukopera kaseti. Makina alionse a kaseti amaphonya liwiro pang'ono, ena 1 peresenti, ena 2. Zikakumana zonse zophonyera mbali imodzi, pofika kope lachinayi nyimbo yakwera pafupifupi theka la toni. Theka la toni ndi kusiyana kwa liwiro kwa 5.9 peresenti, ndiye 3 kapena 4 peresenti yokha ndi yokwanira kusandutsa mwamuna kukhala mnyamata.

Njira yodalirika ndi kutsata kung'ung'udza kwa magetsi. Ku Europe magetsi amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kugwedezeka maulendo 50 pa sekondi, ndipo maampulifaya a nthawi imeneyo ankalowetsa kulira kumeneko m'tepi. Mu Audacity sankhani malo achete apakati pa nyimbo ziwiri, masekondi 10 kapena kuposa, tsegulani Plot Spectrum, kukula kwake muike pa 65536 kuti mzere uoneke bwino. Fufuzani nsonga yoyandikira 50, ndi anzake pa 100 ndi 150. Tiyerekeze mwaipeza pa 52. Gawani 50 ndi 52, mupeza 0.9615, kutanthauza kuti muchepetse liwiro ndi 3.85 peresenti. Gwiritsani ntchito Change Speed, imene imasintha liwiro ndi kukwera kwa mawu pamodzi monga mmene tepi inachitira. Change Tempo kapena Change Pitch payokha imadula mawu m'tizidutswa n'kuwalumikizanso, ndipo zinganga za ng'oma zimatuluka zonjenjemera.

Misampha ilipo iwiri. Makina okopera aja nawonso amasiya kung'ung'udza kwawo, ndiye mukhoza kupeza nsonga ziwiri kapena zitatu. Imene yakhala ndendende pa 50 kapena pa 60 kawirikawiri ndi ya makina omaliza kukopera, 60 ikakhala kuti kopelo linadutsa ku America. Imeneyo isiyeni. Msampha wachiwiri ndi wakuti makina ojambulira oyendera mabatire amachedwa mabatire akamatha, ndipo poiimba tepiyo pa liwiro loyenera, kumapeto kumathamanga kuposa kumayambiriro. Choncho yezani malo atatu, koyambirira, pakati ndi kumapeto, n'kukonza nyimbo iliyonse payokha. Mukamaliza tsimikizani ndi chochunira gitala: "Astronomy Domine" imayambira pa E, yomwe pa chingwe chachikulu cha gitala ndi 82.4 Hz. Musadalire chochuniracho chokha, chifukwa magitala pa siteji sankakhala ochunidwa bwino nthawi zonse. Ogani ya Farfisa ya Rick Wright ndi mboni yabwinopo, popeza siisuntha pakati pa nyimbo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ntchitoyi imadya madzulo onse.

Chinthu chimodzi musachikonze. Mu "Scream Thy Last Scream" ya ku situdiyo, ya mu Ogasiti 1967, mawu othamanga aja ndi adala. Woimba wamkulu ndi Nick Mason, woimba ng'oma wa gululi, ndipo kamawu kokwera kamene kakumutsatira anakathamangitsa pa tepi mwadala. Chimodzimodzi kachigawo kothamanga ka limba ka mu "See Emily Play".

Madontho a m'phanga aja ndi Binson Echorec, makina a ku Milan ku Italy. Makina ena obwereza mawu ankagwiritsa ntchito tepi yozungulira. Binson ili ndi chimbale chachitsulo chozungulira, chokulungidwa waya wopyapyala m'mphepete mwake. Mutu umodzi umalemba mawu pa wayayo, mitu ina n'kumawawerenga pamene chimbalecho chikuzungulira. Pa Echorec 2 mitu yowerenga ilipo inayi, yotalikirana mofanana, ndipo wakutali kwambiri umachedwetsa mawu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, pafupifupi mamilisekondi 300. Liwiro la chimbalecho silisinthika, ndiye woimba ndi amene amatsatira makina. Mukakweza chobwezera mawu mkati, makinawo amayamba kulira okha. Barrett ankatenga gitala yake ya Fender Esquire, ija yomatidwa tizitsulo tonyezimira ngati magalasi, n'kumatsetsereka pa zingwe ndi laita ya Zippo, mawuwo n'kudutsa mu Binson. Wright naye ankadutsitsa Farfisa mu Binson, n'chifukwa chake pa "Nick's Boogie" nthawi zina simungasiyanitse gitala ndi ogani.

Wofuna kutsanzira ndi kabokosi ka delay (kobwereza mawu mochedwa) ka masiku ano aike nthawi pa mamilisekondi 300, awonjezere kubwereza kwina pa 150 kapena 225 ngati kabokosiko kakulola, achepetse mawu okwera pa zobwerezazo, ndipo aike kabokosiko patsogolo pa ampulifaya yokwezedwa mpaka kuyamba kusweka mawu. Ambiri amalakwitsa poika nthawi yaitali, 500 kapena kuposa, ndiye zimamveka ngati Pink Floyd ya zaka za m'ma 1970 osati ya 1967. Pa Binson yeniyeni yakale, chimene chimafa msanga ndi kagudumu ka labala koyendetsa chimbalecho. Kakauma, mawu amayamba kuweyeseka. Mitu ikapanikizidwa kwambiri kapena chimbale chikasowa mafuta, waya uja umaperepeseka ndipo kubwereza kumazilala.

Gogo_Singano

A Ekoreki anena bwino. Ndingowonjezera chenjezo pa tepi ya ku Stockholm, ya pa 10 Sepitembala 1967 ku Gyllene Cirkeln, yomwe ili mu Cambridge St/ation. Zida zikumveka bwino kuposa pa tepi ina iliyonse ya pa siteji ya nthawi ya Barrett, koma mawu a oimba ali pansi kwambiri moti pena mumangowaganizira. Musataye nthawi kukweza ma 2 kapena 3 kHz kuti muwatulutse, chifukwa gitala ndi ogani zili pomwepo ndipo zikwera nawo limodzi. Imvereni ngati nyimbo za zida zokha.

M'gawo lomwelo muli "Matilda Mother" yoyamba, ya tsiku loyamba ku Abbey Road pa 21 Febuluwale 1967. Mawu ake Barrett anawatenga mu ndakatulo za Hilaire Belloc, oyang'anira umwini wa ndakatulozo atakana, Barrett analemba ena, omwe ali pa Piper. Koma dziwani kuti iyi, pamodzi ndi "Vegetable Man", "Scream Thy Last Scream" ndi "In the Beechwoods", ndi zosakanizidwa mu 2010 kuchokera pa matepi akale. Zida ndi mawu ndi za nthawi ya Barrett, koma makutu amene anasankha chokweza ndi chotsitsa ndi a masiku ano, n'chifukwa chake zikumveka zoyera kuposa Piper.

Mayi_Abbey

Kakang'ono kamene tonse tadumpha: "See Emily Play", ya pa 16 Juni 1967, nambala DB 8214, wotsogolera anali Norman Smith koma anakaijambulira ku Sound Techniques konkuja mu Meyi, osati ku Abbey Road. Ndiye achimwene, mukafuna kumva kusiyana kwa zipinda ziwirizo popanda kusintha munthu wotsogolera, imbani mbali yoyamba ya kachimbaleko kenako mutembenuze. Kuseri kuli "Scarecrow", ya ku Abbey Road, ndipo zonse ziwiri ndi za mono.